Timu ya tauni yaing'ono si katundu wa mabwana a ku New York

Kuyambira kumapeto kwa chaka cha 2019, okonda masewero a baseball ku America akhala akukangana pa nkhani yomwe mpaka lero sidazirale. Mu Okutobala ndi Novembala chaka chimenecho zidaululika kuti bungwe la Major League Baseball, lomwe limayendetsa ligi yaikulu ya matimu 30 ndipo likulu lake lili ku New York, likufuna kudula matimu 42 a m'maligi ang'onoang'ono. Aphungu oposa 100 a nyumba ya malamulo ya Congress, a zipani zonse ziwiri, adalembera kalata mkulu wa bungweli, a Rob Manfred, kuwapempha kuti abweze moto. Phungu wina, a Bernie Sanders, omwe timu ya kwawo ku Vermont, ya Lake Monsters, idali pa mndandanda wa odulidwa, adakakumana nawo pamasom'pamaso. Sizidaphule kanthu. Mliri wa Covid-19 udafafaniza masewero onse a maligi ang'onoang'ono a 2020, pangano lakale pakati pa mbali ziwirizi lidatha pa 30 Seputembala, ndipo pofika Disembala matimu olumikizidwa ku ligi yaikulu adali atatsika kuchoka pa 160 kufika pa 120. Matimu 43 adatayidwa, atatu atsopano n'kulowa. Ine ndili kumbali ya masapota a m'matauni otayidwawo. Maganizo anga ndi akuti mabwanawa adalakwitsa, ndipo gwero la kulakwitsako n'loti adayesa timu ya tauni ndi muyezo umodzi wokha, wa kuchuluka kwa osewera omwe imatumiza ku ligi yaikulu, osalabadira kuti tauniyo nayo ili ndi gawo lake pa timuyo.

Kuti tiyendere limodzi, ndiyambe ndi momwe zinthuzi zimayendera. Mnyamata akasainidwa ndi timu yaikulu ngati New York Yankees kapena Boston Red Sox sayambira pamwamba. Amatumizidwa ku timu ya m'tauni ina kutali, n'kumakwera pang'onopang'ono: Single-A, High-A, Double-A, kenako Triple-A, yomwe ndi khomo la ligi yaikulu. Malipiro a osewera ndi makochi amachokera ku timu yaikulu, koma bwalo, matikiti, malonda a zakudya ndi dzina la timu zimakhala m'manja mwa eni ake a m'deralo, ndipo kawirikawiri bwalolo limakhala la khonsolo. Maligi amenewa adapanga bungwe lawo mu 1901, ndipo poyamba adali odziimira paokha. M'zaka za m'ma 1920 ndi pomwe Branch Rickey wa St. Louis Cardinals adakhazikitsa njira yoti timu yaikulu izikhala ndi matimu ake olereramo osewera. Mu 1949 zinthu zidafika pachimake: maligi 59, matimu oposa 400, ndipo anthu pafupifupi 40 miliyoni adalowa m'mabwalo chaka chimodzi chokha. Kenako wailesi yakanema idalowa m'nyumba za anthu, mabwalo adayamba kukhala pululu, moti pofika 1963 padatsala maligi osakwana 20. Choncho kufa kwa matimu si chinthu chachilendo. Kusiyana kwake n'kwakuti kale timu inkafa chifukwa anthu asiya kubwera, pomwe mu 2019 anthu oposa 41 miliyoni adaonera masewero a maligiwa. Ulendo uno matimu adadulidwa masapota akadali m'mipando.

Kodi sapota wa timu yotere amakondapo chiyani, poti osewera ake sakhalitsa ndipo chikho chake sichimveka kutali? Yankho labwino lili ku Pawtucket, mzinda wa mafakitale akale a nsalu ku Rhode Island. Madzulo a Loweruka pa 18 Epulo 1981, timu ya Pawtucket Red Sox idalandira Rochester Red Wings pabwalo la McCoy. Masewero a baseball amakhala ndi zigawo 9, koma mukafanana mphamvu mumapitiriza mpaka wina apambane. Usiku umenewo kudali chimphepo chozizira chomwe chinkabweza mpira uliwonse womenyedwa m'mwamba. Pakati pa usiku padadutsa, tambala woyamba adalira, masewero osatha. Osewera adafika posonkha moto m'migolo pogwiritsa ntchito ndodo zomenyera mpira zomwe zidathyoka kuti aothe. Oyimbira sadapeze m'buku lawo lamulo loimitsira masewero, mpaka mkulu wa ligi atapezeka pa lamya ndiye adalamula kuti aleke. Nthawi idali itangopitirira 4 koloko m'bandakucha wa Pasaka, zigawo 32 zitaseweredwa, zigoli zili 2 kwa 2, ndipo m'bwalo mudatsala anthu 19. Adadzamaliza pa 23 Juni m'mphindi 18 zokha, Pawtucket n'kupambana 3 kwa 2. Awa ndi masewero aatali kwambiri m'mbiri ya baseball ya akatswiri. Mwa anyamata omwe adanjenjemera ndi chisanu usikuwo mudali Cal Ripken Jr. ndi Wade Boggs, omwe adadzakhala akatswiri odziwika dziko lonse. Koma nkhaniyi si ya Ripken kapena Boggs. Ndi ya Pawtucket, ndipo anthu a kumeneko akhala akuuza ana awo za anthu 19 aja kwa zaka zoposa 40.

Tsopano tione zomwe a mbali inayo amanena, chifukwa si anthu opanda mfundo. Yoyamba, yomwenso ndi yolemera kuposa zonse, ndi ya malipiro. Iwo amati osewera adachulukitsa, ambiri mwa iwo sadzapondamo m'ligi yaikulu, ndipo ankakhala mu umphawi wochititsa manyazi. N'zoona. Chaka cha 2021 chisadafike, wosewera wa Single-A ankalandira madola 290 pa sabata, ndiponso m'miyezi ya masewero yokha. Anyamata asanu kapena asanu ndi mmodzi ankaunjikana m'kanyumba kamodzi, ena n'kumagona pa matiresi opopa. Matimu atadulidwa, ndalama ija idakwera kufika pa madola 500, ndipo kuyambira 2022 matimu aakulu adayamba kupezera osewera malo ogona. Ndiye amafunsa: si bwino kukhala ndi osewera ochepa odya bwino kusiyana ndi chikhamu cha anjala?

Funsoli likumveka, koma labisa zinthu ziwiri. Choyamba n'chakuti amene adachititsa njalayo ndi omwewo akudzitama kuti aithetsa. Mu 2018 bungwe lomweli lidalimbikira mpaka aphungu adadutsitsa lamulo lotchedwa Save America's Pastime Act, lomwe lidachotsa osewera a maligi ang'onoang'ono pa chitetezo cha malamulo a malipiro a maola owonjezera. Osewera adali atasumira kale bungweli pa nkhani ya malipiro, mlandu udatenga zaka zisanu ndi zitatu, ndipo mu 2022 lidavomera kulipira madola 185 miliyoni. Chaka chomwecho osewerawa adalowa m'bungwe lomenyera ufulu wawo, ndipo pangano lawo loyamba la mu 2023 ndi lomwe lidakweza malipiro ochepetsetsa a Single-A kuchoka pa madola 11,000 kufika pa 26,200 pachaka. Zomwe zidasintha moyo wa anyamatawa ndi khoti komanso kugwirana manja kwawo. Chachiwiri ndi masamu. Tengani timu ya osewera 30 ya m'ligi zija zomwe zinkasewera kuyambira Juni mpaka kumayambiriro kwa Seputembala, pafupifupi masabata 12. Muwapatse madola 500 aliyense pa sabata. Zonse pamodzi ndi madola 180,000. Onjezani makochi, zakudya ndi zipangizo, muwirikize kawiri ngati mukufuna. Simudafikebe pa madola 570,500, omwe adali malipiro ochepetsetsa a wosewera mmodzi wa ligi yaikulu mu 2021. Bungwe lomwe lidapeza madola oposa 10 biliyoni mu 2019 silingatiuze kuti lidayenera kusankha pakati pa kudyetsa osewera ndi kusunga matimu. Zonse ziwiri zidali zotheka.

Mfundo yachiwiri ndi ya mabwalo ndi maulendo. Amati mabwalo ambiri adali achikale, zipinda zosinthiramo zovala zothina, magetsi osawala bwino, malo a makochi ndi oyimbira aakazi kulibe, ndipo osewera ankachezera m'basi usiku wonse kupita kukasewera kutali. Apanso sindikutsutsa kuti mavutowa adalipo, ndipo kusanjanso maligi kuti matimu oyandikana azisewera okhaokha idali nzeru. Koma wolipira kukonza mabwalowo ndani? Ndi okhoma msonkho a m'matauni. Ku Elizabethton, tauni ya anthu pafupifupi 14,000 ku Tennessee, timu yakumeneko idalumikizidwa ndi Minnesota Twins kuyambira 1974. Kirby Puckett adayambira pamenepo mu 1982, Joe Mauer mu 2001, ndipo onse awiri adadzakhala akatswiri a ligi yaikulu. Khonsolo idatulutsa madola oposa miliyoni imodzi kukonza pabwalo kuti timu isachoke, ndipo utoto usadaume bwino dzina la tauniyo lidapezeka pa mndandanda wa odulidwa. Ngati vuto lidali mabwalo, chilungamo chikadakhala kupereka miyezo ndi nthawi, yemwe walephera n'kugwa yekha. Kudula tauni yomwe yangomvera kumene zomwe mudaipempha kukusonyeza kuti chiwerengero cha 120 chidakhazikitsidwa kale, zifukwa zidachita kutsatira pambuyo.

Kuwonjezera apo, mpikisano wa mabwalo wasanduka njira yoopsezera makhonsolo. Pawtucket yomwe ija sidali pa mndandanda wa odulidwa, koma idaluza timu yake m'njira yofanana: eni ake atsopano adafuna bwalo latsopano, mzinda wa Worcester ku Massachusetts udalonjeza zambiri, ndipo mu 2021 timu idasamukira m'bwalo la Polar Park lomwe lidadya pafupifupi madola 160 miliyoni. Matimu akachepa, matauni ofuna timu amachuluka, ndiye mwini timu amangoloza mzinda woyandikana nawo n'kufunsa khonsolo kuti ipereka zingati.

Mfundo yachitatu ndi yomwe bungweli limabwereza kawirikawiri, yakuti palibe tauni idalandidwa baseball. Appalachian League, yomwe idayamba mu 1911, idasandutsidwa ligi ya ophunzira a m'makoleji osewera patchuthi. Pioneer League ya kumapiri a kumadzulo idakhala ligi yodziimira payokha. Matimu ena a New York-Penn League, yomwe idabadwira ku Batavia mu 1939 n'kuthetsedwa mu 2020, adalowa m'ligi yatsopano ya anyamata oyembekezera kusankhidwa ndi matimu aakulu. Clinton ndi Burlington ku Iowa nawo adapeza ligi ya makoleji. Magetsi amayakabe madzulo, ana amathamangabe m'bwalo masewero akatha. Ndivomere kuti ena mwa matimuwa akuchita bwino kuposa momwe anthu ankaopera, ndipo izi zikuchitira umboni khama la eni ake ndi masapota, osati nzeru za odula. Koma si zonse zidapulumuka. Staten Island Yankees idatseka n'kukasuma, ndipo Lowell Spinners ya ku Massachusetts idazimiririka kwa zaka. Komanso kwa omwe adapulumuka katundu ndi wolemera: m'matauni ena masiku a masewero apakhomo achepa, motero ndalama za pageti zachepa, ndipo matimu odziimira paokha tsopano amalipira okha osewera.

Chachikulu chomwe chidaduka ndi ulusi womwe unkamanga tauni yaing'ono ku masewero a dziko lonse. Bluefield, tauni ya m'dera la migodi ya malasha pamalire a Virginia ndi West Virginia, idalera osewera a Baltimore Orioles kuyambira 1958 mpaka 2010. Mkulu wa kumeneko akhoza kuloza pabwalo la Bowen n'kunena kuti Eddie Murray adaima apa mu 1973, Ripken apa mu 1978, ali kamnyamata kongochoka kusekondale. M'matauni ngati amenewa mabanja ankasunga osewera m'nyumba zawo, kuwaphikira, kuwaperekeza kubwalo, ndipo patapita zaka ankawaona pa kanema n'kumati mwana wathu uja. Ngakhale ife a kuno kummwera kwa Africa tili ndi chitsanzo chathu. Gift Ngoepe wa ku South Africa, yemwe adakulira m'kachipinda ka pabwalo la Randburg Mets komwe mayi ake ankagwira ntchito, adakhala munthu woyamba wobadwira mu Africa muno kusewera m'ligi yaikulu pa 26 Epulo 2017, ali ndi Pittsburgh Pirates. Adafikako atatha zaka zoposa zisanu ndi zitatu m'maligi ang'onoang'ono, ndipo matimu awiri omwe adadzerako, State College Spikes ndi West Virginia Power, ali m'gulu la otayidwa aja. Mwambo wa chaka ndi chaka womwe matimu aakulu amasankhirapo osewera atsopano mosinthanasinthana nawo udadulidwa kuchoka pa maulendo 40 kufika pa 20. Wosewera wochedwa kukhwima, wochokera komwe kulibe makochi ndi zipangizo, ndi amene amayamba kusowa malo makwerero akafupika.

Mfundo yomaliza ya otsutsa imabwera ndi kaseko. Amati zonsezi ndi kulirira kale, baseball ndi bizinesi, ndipo anthu ambiri opita kumabwalo ang'onoang'ono sadziwa n'komwe dzina la wosewera aliyense. Amapitira makombola ophulitsidwa Lachisanu, mowa wotchipa ndi zidole zovina. Kuti ambiri sapitira zigoli, ndikuvomereza, ndipo sindikuona cholakwika. Bambo wa ana atatu yemwe sangakwanitse matikiti a ku Boston kapena Chicago, kuphatikiza mafuta a galimoto ndi poimika pake, amatha kulowa ndi banja lonse pabwalo la kwawo, n'kukhala pafupi moti amamva mpira ukulira m'golovesi ndi kochi akukalipa. Mwana wake akatambasula dzanja pa mpanda, wosewera amamusainira kapu. Okonda baseball a mawa amapangidwa pamenepo, ndipo n'zodabwitsa kuti bungwe lomwe limadandaula kuti masapota ake akukalamba lidatseka zitseko zotchipa kwambiri zolowera m'masewerowa. Ku Dayton, Ohio, timu ya Dragons idagulitsa matikiti onse pa masewero 815 otsatizana pofika mu Julaye 2011, n'kuphwanya mbiri ya Portland Trail Blazers ya basketball. Anthu amenewo sankalirira kale.

Za bizinesizo, tiyeni tizitenge momwe akuzinenera. Bizinesi wamba ikagwirizana ndi anzake kuti achotse opikisana nawo 40 pamsika, imakayankha mlandu. Baseball siyankha, chifukwa mu 1922 Khoti Lalikulu la America lidagamula kuti malamulo oletsa kupondereza msika sakhudza masewerowa, mwayi womwe mpira wa basketball kapena wa American football ulibe pamlingo womwewo. Matimu otayidwa monga Tri-City ValleyCats ndi Norwich Sea Unicorns adayesa kukatsutsa chigamulochi, ndipo nkhani idathera kunja kwa khoti mu 2023 oweruza akuluakulu asadaimve. Tsono bungwe lomwe limatetezedwa ndi lamulo ngati chuma cha fuko, n'kumasewera m'mabwalo omangidwa ndi msonkho, silingatembenuke tsiku lodula matimu n'kunena kuti ndi sitolo chabe. Kwa mabwanawa timu yaing'ono ili ngati nazale ya fodya: mbande zikapita kumunda, nazale ilibenso ntchito. Koma nazale imeneyi adalima ndi kuthirira ndi anthu ena, pa malo awo.

Ndisanamizire kuti mbiri ya matimuwa ndi yokoma yokhayokha. Mabwalo ambiri a kummwera kwa America adali a tsankho. Hank Aaron atasewera ku Jacksonville mu 1953, m'gulu la akuda oyamba mu South Atlantic League, sankaloledwa kugona kapena kudya m'malo amodzi ndi anzake a timu imodzi, chonsecho ndi iye adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse chaka chimenecho. Jackie Robinson asadathyole mpanda wa tsankho m'ligi yaikulu ku Brooklyn mu 1947, adayamba wasewera chaka chathunthu ku Montreal Royals, timu ya ligi yaing'ono. Mbiri yotere imasungika bwino pomwe pali bwalo loti munthu aloze. Bwalo la Rickwood ku Birmingham, Alabama, lomwe lidatsegulidwa mu 1910, linkagwiritsidwa ntchito ndi Barons ya azungu komanso Black Barons ya akuda, komwe katswiri Willie Mays adasewera mu 1948 ali ndi zaka 17. Likadagwetsedwa kalekale pakadapanda anthu a mumzindawo omwe adalisamalira. Pa 20 Juni 2024, patangopita masiku awiri Mays atamwalira, Major League Baseball idabweretsa St. Louis Cardinals ndi San Francisco Giants kudzasewera pomwepo, dziko lonse likuonera. Ndiye kuti mabwanawa amadziwa bwino mtengo wa mbiri ya m'dera. Amaikumbukira ikakhala yoti igulitsidwe pa kanema.

Mkanganowu ubweranso, chifukwa pangano la osewera la 2023 limaletsa kudula matimu ena kwa zaka zisanu zokha, ziphaso zomwe matimu 120 adasaina mu 2021 ndi za zaka 10, ndipo chiwerengero cha osewera omwe timu yaikulu ingasunge m'maligiwa chidatsitsidwa kale kuchoka pa 180 kufika pa 165. Pakadali pano kampani imodzi, Diamond Baseball Holdings, yagula matimu oposa 40 mwa 120 aja, kutanthauza kuti mwini timu yemwe unkakumana naye pageti akung'amba matikiti akusowa. Matauni asadikire mndandanda wina. Khonsolo iliyonse yopemphedwa ndalama za bwalo ikane kusaina popanda chitsimikizo cholembedwa choti timu ikhala zaka zonse za ngongoleyo, komanso choti dzina la timu ndi zikumbutso zake zidzatsala m'tauni eni ake akadzasamuka. Aphungu omwe adalemba kalata mu 2019 ali ndi mphamvu yochotsa chitetezo cha 1922 chija, ndipo kalata ina popanda lamulo sidzaopsa aliyense. Njira yachitatu idaonekera ku Rochester. St. Louis Cardinals itaganiza zosiya Red Wings kumapeto kwa 1956, wamalonda wina wa mumzindawo, Morrie Silver, adatsogolera ntchito yogulitsa masheya a madola 10 imodzi, ndipo m'masiku 72 anthu 8,222 adagula timuyo pamodzi ndi bwalo lake. Kuchokera nthawiyo Red Wings yalera osewera a Cardinals, Orioles, Twins, ndipo pano a Washington Nationals. Matimu aakuluwo akhala akusinthana, koma kuti Red Wings ichoke mu Rochester pangafunike chilolezo cha eni masheya.